Kulipira za chipatala pa foni: mmene ndimachitira pa portal ya inshuwalansi kuno ku Chipata

Mlamu wanga amagulitsa salaula ku msika wa Kapata. Usiku wina m'nyengo yozizira mwana wake wamng'ono anatentha thupi, kupuma kukuchita kubanika, ndipo anathamanga naye kuchipatala pa honda. Pa windo mlembi analowetsa nambala ya khadi ya inshuwalansi mu kompyuta, n'kupukusa mutu. "Amayi, apa pakuonetsa kuti miyezi iwiri simunalipire." Mlamu anachita kulumbira kuti analipira, ndipo sankanama ayi. Ndalama inachokadi mu foni yake. Koma uthenga wotsimikizira anali ataufufuta tsiku lomwe foni inkadandaula kuti yadzaza, ndipo polemba nambala ya umembala anaika 9 pamene panayenera kukhala 6. Anandiimbira anthu atagona kale: "Alamu, bwerani ndi iliyonse imene muli nayo, zinazo tikambirana mawa." Mwana anathandizidwa, anachira. Koma kulondola ndalama ija kunatidyera masabata, ndipo masiku ena mlamu ankatseka malonda kuti akaime pamzere.

Kuyambira pamenepo ndine amene ndimakhala pansi ndi abale ikakwana nthawi yolipira. Chimene ndaphunzira chachikulu n'chakuti ndalama ikachoka mu foni sindiye kuti mwalipira. Mwalipira pokhapokha akaunti yanu pa portal, tsamba la pa intaneti la inshuwalansi yanu, itaonetsa kuti ndalamayo yafika pa dzina lanu, lisiti lili mmanja. Zonse zimene ndilembe apa zikuloza pamenepo.

Yambani mwadziwa chimene mukulipira

Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Pali chopereka cha mwezi ndi mwezi, chimene chimasunga khadi yanu kuti ikhale yamoyo. Palinso bilu ya kuchipatala, kapena kagawo kake kamene inshuwalansi yakana kulipira n'kukusiyirani inu. Ziwirizi sizipita thumba limodzi, ndipo mukaponya ndalama ya bilu ku chopereka, chipatala chidzakulondolanibe.

Ambiri kuno tili pansi pa NHIMA, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la National Health Insurance la mu 2018. Zopereka zinayamba mu October 2019, ndipo mamembala anayamba kulandira chithandizo mu February 2020. Amene ali pa ntchito yolembedwa amadulidwa 1 peresenti ya malipiro awo a basic, abwana n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina, ndipo abwanawo ndi amene amatumiza ndalamayo pofika pa 10 mwezi wotsatira. Ife ena odzilemba tokha ntchito, a pamsika, a honda, alimi a nshawa ndi chimanga, timadzilipirira tokha. Akuluakulu opitirira zaka 65 sapereka, koma ayenera kulembetsa ndithu; musamawasiye ambuya kumudzi opanda nambala poganiza kuti ukalamba wokha ndi khadi. Portal ya bungweli imatchedwa eNHIMA, ndipo kwenikweni ndi yolembetsera, yolipirira zopereka ndi yoonera ngati zonse zili bwino. Pa chithandizo chimene chili m'ndondomeko yake, NHIMA imalipira chipatala chovomerezeka mwachindunji.

Ena ali ndi inshuwalansi ya makampani oima paokha, kawirikawiri yochokera kuntchito. Kumeneko n'kumene nkhani ya bilu yotsala imachuluka, chifukwa aliyense ali ndi malire a ndalama zimene angagwiritse ntchito pa chaka: za mano pazokha, za maso pazokha, za kugonekedwa pazokha. Ma portal ena amakulolani kulipira chotsalacho pomwepo. Ena amangokuonetsani kuti chatsala n'chakuti, inu n'kukalipira kuchipatala komweko. Funsani kampani yanu kuti yawo ndi ya mtundu uti musanatumize ngakhale ngwee imodzi.

Zoika patebulo

Reji yanu yobiriwira ija, khadi ya inshuwalansi kapena pepala lolembedwa nambala ya umembala, foni imene SIM yake inalembetsedwa m'dzina lanu, bilu ya papepala ngati mwachokera kuchipatala, kope ndi cholembera. Bundle ikhale yokwanira, batire likhale lodzaza. Tonse tikukumbukira mmene malaiti ankathimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Foni ikazima pakati pa kulipira, mumatsala osadziwa ngati ndalama yapita kapena ayi. Mu foni muikemo ndalama yoposa pang'ono imene mukulipira chifukwa nthawi zina pamakhala kodula kena.

Za SIM ndibwerezenso. Ma portal ambiri amatumiza nambala yachinsinsi ya kamodzi, imene amati OTP, ku foni imene munapereka polembetsa. Ngati nambalayo inali ya mwamuna wanu amene tsopano ali ku Lusaka, kapena munaitaya kalekale, konzani zimenezo kaye ku ofesi. Palibe chimene chidzayende musanakonze.

Kutsegula akaunti

Adiresi ya portal itengeni pa khadi, pa pepala la ku ofesi kapena pa tsamba lenileni la bungwelo, ndipo muilembe nokha pamwamba pa browser. Link yobwera pa WhatsApp kapena Facebook, ngakhale atatumiza ndi wa kutchalitchi kwanu, isiyeni. Onani kuti adiresi ikuyamba ndi https ndipo zilembo za dzina la bungwe zili ndendende, popanda china chowonjezera.

Mukapeza polembedwa Register kapena Sign up, lowetsani zimene akufunsa mofanana ndi mmene zilili pa reji. Nambala ya reji ili ndi zigawo zitatu zolekanitsidwa ndi timizere topendekeka, ndipo ya nzika ya Zambia imathera ndi 1, ilembeni yonse. Maina ndi amene amagwetsa anthu. Wina pa reji ndi Phiri, koma kuntchito anamulemba ndi dzina la kwa mwamuna. Wina tsiku lobadwa pa reji ndi lina, la pa khadi ndi lina. Kompyuta siimva zofotokoza, imangokana. Zikatero musalimbane nayo usiku wonse: pitani ku ofesi ndi reji akakonze.

Password isakhale chaka chanu chobadwa kapena dzina la mwana, ndipo isafanane ndi PIN ya ndalama za mu foni. Ilembeni mu kope limene limakhala mu sutikesi kunyumba, osati kuseri kwa khadi. Ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta ya pa internet cafe mtauni, ikafunsa zosunga password kanani, ndipo pomaliza dinani Log out musanadzuke pampando.

Mukalowa koyamba musathamangire kulipira. Tsegulani pamene pali maina a anthu anu. Kodi mkazi wanu alipo? Khanda limene linabadwa chaka chino munalilembetsa? Ndaonapo bambo akulipira mokhulupirika mwezi ndi mwezi, koma tsiku lodwala mwana n'kupeza kuti mwanayo sanalowetsedwe n'komwe. Onaninso mndandanda wa zipatala ndi ma pharmacy ovomerezeka. Kaya mumapita ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, ku Mwami Adventist kapena ku kiliniki ya pafupi ndi kwanu, dziwiranitu lero ngati khadi yanu imagwira kumeneko.

Kuwerenga bilu: apa khalani pansi

Apa ndi pamene ndimataya nthawi yambiri, ndipo sindidandaula nayo. Pa portal ya inshuwalansi ya kampani pamakhala malo olembedwa Claims kapena Statement. Pamenepo mupeza ulendo uliwonse umene munapita kuchipatala: tsiku, dzina la wodwala, dzina la chipatala, ndalama imene chipatala chinapempha, imene inshuwalansi yalipira, ndi imene yatsalira inu. Tengani bilu ya papepala muiike pambali pa foni, muziyendetsa chala mzere ndi mzere.

Tsiku likugwirizana? Wodwala ndi yemweyo, kapena alemba mkulu wake? Masiku ogonekedwa ndi atatu monga munagonera, kapena alemba anayi? Mankhwala amene alembedwa munalandiradi, kapena tsiku limenelo anakuuzani kuti atha mukagule kunja? Ngati munagula nokha, lisiti la ku pharmacy lija ndi umboni wanu. Alembi ndi anthu, amatopa, amalakwitsa. Ena amalemba kuyeza magazi kawiri mosadziwa. Kufunsa si mwano. Nenani mwaulemu: "Pepani, mzere uwu sindikuumvetsa, mungandifotokozere?" Pemphani bilu yofotokoza chinthu chimodzichimodzi, osati ya chiwerengero chimodzi chachikulu pansi.

Kenaka onani mawu amene ali pambali pa claim. Ngati palembedwa Pending kapena In process, ndiye kuti inshuwalansi sinamalize kuwerengera, ndipo chotsala chanu chenicheni sichinadziwike. Musalipire kaye. Mukalipira bilu yonse panthawi imeneyi, inshuwalansi n'kudzalipiranso gawo lake, ndalama yanu imakakamira kuchipatala ndipo kuibweza ndi ulendo wautali. Ngati palembedwa Rejected kapena Declined, funsani chifukwa. Nthawi zambiri si kuti akana kotheratu: mwina panasowa kalata yotumizira wodwala kuchokera ku kiliniki, mwina chithandizocho chinkafuna chilolezo chisanachitike, mwina chipatala chinalemba nambala yolakwika. Zina mwa izi zimakonzeka ndi pepala limodzi.

Tiyerekeze kuti bilu yonse ndi K1,800, inshuwalansi yalipira K1,500. Chanu ndi K300 basi. Ngati pa windo munasiya kale K100 tsiku lotuluka, chotsala ndi K200, ndipo portal mwina sikudziwa za K100 ija chifukwa inalowa m'buku la chipatala. Imbani kaye kuchipatala, muwerengere limodzi, mugwirizane chiwerengero chimodzi.

Mamembala a NHIMA, inu onani mbiri ya zopereka. Mwezi uliwonse uoneke. Ngati pa payslip akukudulani koma pa portal miyezi ina ili mbee, pitani kwa owerengera ndalama kuntchito kwanu ndi payslip mmanja mudakali bwino, musadikire tsiku la matenda.

Kulipira kwenikweni

Dinani polembedwa Pay kapena Make payment, ndipo sankhani chimene mukulipira: chopereka cha mwezi wakuti, kapena bilu ya nambala yakuti. Ma portal ambiri amapereka nambala yapadera ya malipiro amenewo, imene amati reference. Ilembeni mu kope nthawi yomweyo, musanadine china chilichonse. Nambala imeneyi ndi chingwe chimene chimamanga ndalama yanu ku dzina lanu.

Sankhani njira yolipirira mwa zimene portal yanu ikupereka. Kuno ambiri timadalira Airtel Money, MTN MoMo kapena ya Zamtel. Ena ali ndi khadi ya kubanki ya Visa kapena Mastercard. Mukasankha ya foni, mumalemba nambala yanu, kenaka pa foni pamatuluka kabokosi kopempha PIN. Musanaike PIN, werengani kabokosiko mokweza ngati mukuwerengera munthu wina. Dzina la wolandira ndi la bungwe kapena chipatala? Chiwerengero ndi chomwecho, popanda ziro wowonjezera? Likatuluka dzina la munthu, lekani pomwepo. Bungwe la inshuwalansi sililandirira ndalama pa nambala ya munthu.

PIN imalembedwa mu kabokosi ka foni yanu kokha, osati pa tsamba la intaneti. Kabokosiko sikakhalitsa; mukachedwa kamachoka. Ngati kachoka kapena sikanabwere n'komwe, musayambirenso msangamsanga. Imbani *115#, nambala ya ndalama za mu foni, muone ngati ndalama yachoka. Ngati sinachoke, yambiraninso modekha.

Pamene mukulemba nambala ya umembala ndi dzanja, chitani chimene ine ndi mlamu timachita tsopano. Iye amagwira khadi n'kumawerenga manambala awiriawiri, ine ndikuyang'ana pa foni. Tikamaliza timasinthana, ine ndiwerenge za pa foni, iye ayang'ane pa khadi. Zimatenga mphindi imodzi yokha.

Mukalipira ndi khadi ya kubanki, adzafuna nambala ya kutsogolo, mwezi ndi chaka chothera, ndi manambala atatu a kuseri, kenaka banki itumiza OTP. Makhadi ena amafuna kuti muwatsegulire kaye kugula pa intaneti. Zimenezo ndi za kubanki kwanu, si vuto la portal. Akafunsa zosunga khadi kuti azidula okha mwezi uliwonse, ganizani bwino. Kwa wa pa salale n'zothandiza. Kwa wa pamsika amene ndalama yake imabwera mosiyanasiyana, ine ndimati ndi bwino kulipira ndi dzanja lanu mwezi uliwonse, mukuona.

Mukadina komaliza, chotsani chala. Kachizindikiro kakamazungulira musabwerere m'mbuyo, musatseke tsamba, musadinenso. Netiweki yathu imachedwa, makamaka madzulo ndi kumapeto kwa mwezi pamene aliyense ali pa foni, ndipo kudina kawiri ndi kulipira kawiri. Ine ndimakonda kulipira mmawa kwambiri, tiyi asanaphikidwe. Okhala chakumalire ku Mwami, onani kuti foni sinalumphire pa netiweki ya ku Malawi, chifukwa ikatero mauthenga amatha kuchedwa kapena osafika.

Umboni utatu

Mukamaliza muyenera kukhala ndi zinthu zitatu. Uthenga wa SMS wochokera ku kampani ya foni kapena kubanki, wokhala ndi nambala ya malipirowo, imene amati transaction ID. Lisiti la pa portal, limene mulikopere mu foni kapena mulijambule screenshot. Ndipo chachitatu, chimene anthu amaiwala: tulukani pa portal, lowaninso, muone ngati ngongole yachoka kapena mwezi uja walembedwa kuti walipiridwa. Nthawi zina zimaoneka pomwepo, nthawi zina mawa lake. Musaiwale kubwererako.

Transaction ID, reference, tsiku ndi chiwerengero zilembeni mu kope. Foni imabedwa pa siteshoni ya basi, imagwera m'madzi, imadzaza mpaka mwana n'kufufuta zonse kuti aikemo masewera. Screenshot itumizeni kwa mkazi kapena mwamuna wanu, kapena pa imelo yanu. Ngati inali bilu ya chipatala, pitani kapena imbani ku ofesi yawo ya ndalama atsimikize kuti buku lawo latsekedwa, ndipo pemphani lisiti lawonso.

Ndalama yachoka koma portal ikuti simunalipire

Musalipirenso. Ndikudziwa mtima umathamanga, makamaka wodwala ali pa bedi, koma dikirani tsiku limodzi kapena awiri a ntchito ngati matenda akulola. Zikapanda kusintha, imbani nambala ya chithandizo yolembedwa pa khadi yanu kapena pa portal, muwapatse transaction ID, reference, tsiku, ola ndi chiwerengero. Pemphani nambala ya dandaulo lanu, ndipo lembani tsiku limene mwaimba. Kenaka imbani ku kampani ya foni kapena kubanki afotokoze ngati ndalama inafika kwa wolandira kapena yakakamira panjira. Ikakakamira imatha kubwerera yokha.

Ngati wodwala sangadikire, onetsani SMS ndi lisiti pa windo, pemphani kuonana ndi amene amayang'anira za inshuwalansi pachipatalapo. Mukakakamizika kulipira ndi ndalama ya mthumba, tengani lisiti lodindidwa ndi bilu yofotokoza zonse, ndipo funsani tsiku lomwelo ngati pali njira yobwezeredwa ndi malire a masiku ake.

Zikakanika kotheratu, pali kokadandaula. Makampani a inshuwalansi oima paokha amayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, ndipo za ndalama za mu foni ndi mabanki zili pansi pa Bank of Zambia. Konseko adzayamba n'kufunsa ngati munadandaula kaye ku kampaniyo, choncho kope lija lidzakuyankhulirani.

Akuba a pa foni

Amadziwa kuti munthu wodwazika matenda saganiza bwino. Amaimba ndi mawu aulemu, kunena kuti khadi yanu itsekedwa lero mukapanda kutumiza ndalama pa nambala yakuti, kapena kuti pali ndalama yobweza koma muwauze OTP imene yangofika. Dulani foni. Palibe wa inshuwalansi, wa kubanki kapena wa kampani ya foni amene amafunsa PIN kapena OTP. Imbani nokha pa nambala ya pa khadi mufunse. Nambala ya wakubayo mukhoza kuineneza ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, pa *707#. Ndipo zithunzi za reji, khadi ndi bilu musaziponye m'magulu a WhatsApp popempha thandizo; pa bilu pamakhala matenda a munthu, ndipo zimenezo ndi zake.

Kulipirira a kumudzi

Ambiri mtauni muno timanyamula makolo a ku Chadiza, Vubwi, Lundazi, Petauke. Mukhoza kulipira ndi foni yanu, palibe choletsa, koma nambala ya umembala ndi reference zikhale za mwini khadi, osati zanu. Amalume anga ali ndi kafoni ka mabatani, maso ayamba kuchepa. Tikamalipira ndimawaimbira pa foni ina: "Amalume, uthenga ukafika musaufufute, mupatse mdzukulu andiwerengere manambala." Amatero chifukwa ndine mwana wa mlongo wawo ndipo ndi ine ndawaimbira, ndinawauza kuti wina aliyense akafunsa manambala amenewo, ngakhale atatchula dzina langa, akane.

Ngati palibe wa m'banja wodziwa foni ndipo mukupita pa booth, muuzeni wa pa booth akuikireni ndalama mu foni yanu, PIN mulembe nokha mutatembenuka, ndipo musachoke SMS isanafike.

Alimi ndalama amaigwira kamodzi pa chaka, akagulitsa chimanga, nshawa, soya kapena thonje. Matenda ambiri, malungo ndi kutsegula m'mimba, amabwera ndi mvula, pamene m'thumba mulibe kanthu ndipo feteleza wadya zonse. Choncho funsani ku bungwe lanu ngati amalola kulipiriratu miyezi ingapo nthawi imodzi. Akalola, lipirani sabata yomwe ndalama ya zokolola yalowa, kenaka tsegulani portal muwerenge miyeziyo umodziumodzi kuti yonse yalembedwa, mpaka kudutsa February ndi March. Kope la amalume limakhala kwa ine, koma tsamba lililonse ndimalijambula n'kutumiza kwa mdzukulu wawo, kuti tsiku lokwera ngolo kupita kuchipatala usiku akhale nalo mu foni.